Kusamalira khungu ndi maso mukamalandira mankhwala atsopano a khansa

Wodwala khansa akabwera ndi zidzolo kumaso, funso langa loyamba limakhala lakuti mankhwala amene akumwa dzina lake ndi chiyani. Ambiri amati "ndi timapiritsi tozungulira" kapena "ndi aja ndinabwera nawo ku India." Ine ndine namwino wa odwala khansa, ndipo yankho lotere limandimanga manja, chifukwa mankhwala aliwonse ali ndi mavuto akeake. Ndiye musanawerenge zambiri, tengani bokosi lanu. Pansi pa dzina lalikulu la kampani pali dzina lina la zilembo zing'onozing'ono. Pa Tarceva palembedwa erlotinib, pa Glivec imatinib, pa Nexavar sorafenib. Dzina laling'onolo mulilembe patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, ndipo bokosilo mulijambule pa foni.

Mankhwala ndikunenawa si kemo uja wothothola tsitsi. Kemo amakantha selo iliyonse imene ikuswana mofulumira. Awa, amene madokotala amati targeted therapy, anapangidwa kuti atseke chinthu chimodzi chimene khansa imadalira pokula. Vuto ndi lakuti chinthucho sichikhala m'chotupa mokha. Puloteni yotchedwa EGFR, imene khansa zina za m'mapapo ndi m'matumbo zimakulira, imapezekanso pakhungu, m'mizu ya tsitsi, m'mbali mwa zikhadabo ndi pa kachikopa koonekera kamene kamaphimba kutsogolo kwa diso. Mukaitseka pofuna kugonjetsa chotupa, khungu ndi maso nazo zimamva.

Mavuto ambiri a pakhungu mukhoza kuwachepetsa nokha pakhomo, bola muyambe tsiku lomwe mwayamba mankhwala. A m'maso ndi amene sindifuna kuti muzigona nawo.

Zidzolo zooneka ngati ziphuphu

Izi zimabwera ndi erlotinib, gefitinib, afatinib ndi osimertinib, amene ndi mapiritsi a khansa ya m'mapapo, komanso cetuximab ndi panitumumab, amene amaperekedwa pa diripi. Pa cetuximab ndi panitumumab, odwala pafupifupi 8 kapena 9 mwa 10 alionse amatuluka zidzolo. Osimertinib amatulutsa zocheperako.

Zimayamba m'sabata yoyamba kapena yachiwiri. Nkhope imayamba kutentha ndi kunyerenyesa, kenako timatuza tamafinya timatuluka pamphuno, m'masaya, pachibwano, m'mutu, pachifuwa ndi kumsana. Zimafika pachimake mwezi woyamba ukamatha, kenako zimayamba kuzirala ngakhale mukupitiriza mankhwala. Timapepala ta m'mabokosi timanena za khungu lofiira, koma pakhungu lathu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Malowo amangoda kuposa pena, kapena kuoneka otuwa, ndipo zikapola zimasiya mawanga akuda amene amatenga miyezi kuti afufutike. Choncho musadikire kufiira. Pakhungu pakamatentha, pakamayabwa kapena kupweteka mukakhudza, ndiye kuti zayamba.

Zidzolozi sizopatsirana, sizibwera chifukwa cha uve, ndipo si chizindikiro cha HIV. Ndikunena zimenezi chifukwa cha mayi wina amene analeka kupita kutchalitchi ataona kuti anzake a mu kwaya ayamba kumusuntha pa benchi. Anafika kwa ife atafunda chitenje kumutu, nkhope yonse yobisa, mapiritsi atawasiya osauza aliyense. Chimene chinandiwawa n'chakuti mankhwalawo anali akugwira ntchito. Kafukufuku wa erlotinib ndi cetuximab anaonetsa kuti odwala amene amatuluka zidzolo nthawi zambiri ndi amene mankhwala akuwathandiza bwino. Ngati inu simunatuluke musade nkhawa, alipo ambiri amene amathandizika khungu lili losalala. Ndipo kuchiza zidzolozo sikufooketsa mankhwala a khansa.

Kupewa kumaposa kudikira, ndipo izi zinayesedwa. Mu 2010 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa STEPP, wa odwala 95 olandira panitumumab. Gulu lina linayamba kusamalira khungu mankhwala asanayambe, lina linadikira kuti zidzolo zioneke kaye. Mwa odikirawo, 62 pa 100 alionse anavutika kwambiri ndi khungu. Mwa oyambiratu anali 29 okha. Zimene ankachita kwa masabata 6 n'zosavuta kupeza: mafuta ofewetsa khungu, mafuta oteteza ku dzuwa, kirimu wa hydrocortisone wa 1% ndi mapiritsi a doxycycline a 100 mg kawiri patsiku. Awiri omalizawa funsani adokotala anu ngati angakulembereni kuyambira pachiyambi. Doxycycline pano saperekedwa kuti aphe tizilombo ayi, koma kuti achepetse kutupa. Mumwereni kapu yodzaza ya madzi, musagone pansi mpaka patapita mphindi 30, musamwere mkaka kapena limodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi, ndipo mayi woyembekezera asamwe.

Kasambidwe nako kasinthe. Madzi akhale ofunda pang'ono, osati otentha aja timawakonda mu June. Sopo akhale wofewa, wopanda fungo. Sopo wochapira zovala ndi sopo amene amati ndi wopha majeremusi amaumitsa khungu, asiyeni. Chinkhupule chipumule, sambani ndi manja. Mukatuluka m'bafa musadzikhule ndi thaulo, ingodziguguda pang'onopang'ono, ndipo dzolani khungu likadali lonyowa. Vaseline ndi wabwino m'manja, m'miyendo ndi m'mapazi, koma kumaso ndi pachifuwa pamene pali timatuza amatseka timabowo ta tsitsi. Pamenepo dzolani kirimu wopepuka wopanda perefyumu. Abambo, lezala isiyeni kaye, metani ndevu ndi makina. Amayi, mankhwala owongola tsitsi ndi malukidwe okoka kwambiri adikire.

Dzuwa limakolezera zidzolozi, ndipo doxycycline amachititsa kuti khungu lizipsa msanga. Ambiri amaseka ndikanena za mafuta oteteza ku dzuwa, amati amenewo ndi a azungu ndi abale athu achialubino. Khungu lakuda nalo limapsa likakhala pa mankhwala amenewa, ndipo dzuwa ndi limene limadetsa mawanga aja. Pezani olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Akasowa, chipewa cha mlaza chotambalala, malaya a manja aatali ndi ambulera zimagwira ntchito yaikulu. Kumunda ndi kumsika pitani mmamawa kapena dzuwa litapendeka.

Popeza zimaoneka ngati ziphuphu, anthu amazichiza ngati ziphuphu, ndipo apa ndi pamene zinthu zimaonongekera. Mankhwala a ziphuphu okhala ndi benzoyl peroxide kapena salicylic acid amaumitsa khungu limene lauma kale. Sipiriti, mandimu ndi mankhwala otsukira mano amaliotcha. Kufinya kumalowetsa tizilombo ndi kusiya zipsera. Koma amene ndimawaopa kwambiri ndi timachubu toyeretsa khungu togulitsidwa pamsika. Tambiri timakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu amene amaziziritsa zidzolo masiku oyamba mpaka munthu kusangalala, kenako khungu la kumaso limapyapyala ndipo matenda amabisala pansi. Adokotala nthawi zina amalemba mankhwala a mtundu womwewu, koma amasankha mphamvu yake, malo odzola ndi masiku ake.

Mukaona nkhanambo zachikasu, mafinya ochuluka, ululu ukukula, kapena zidzolo zafalikira m'mikono ndi m'miyendo, n'kutheka kuti tizilombo talowa. Kumeneko n'kofunika mankhwala ena, bwerani tione.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri timatuza timachepa, koma khungu limauma kwambiri. Nsonga za zala ndi zidendene zimang'ambika, ming'alu yaing'ono koma yopweteka moti kumanga batani kumavuta. Usiku pakani Vaseline wambiri m'mapazi n'kuvala sokosi. Pochapa ndi potsuka mbale valani magolovesi a pulasitiki. Kenako zimabwera zikhadabo: m'mbali mwake mumatupa, makamaka chala chachikulu cha kuphazi ndi cha kudzanja, ndipo pena pamamera kanyama kotuluka magazi kakangokhudzidwa. Wengani zikhadabo mowongoka, osazungulira m'makona ndiponso osafupikitsa kwambiri. Valani nsapato zotakasuka kutsogolo. Kuviika chala kwa mphindi 15 patsiku m'madzi osakaniza ndi viniga woyera, muyezo wofanana, kumathandiza kuti tizilombo tisakhazikike. Pakaluma kwambiri onjezerani madzi.

Zikhatho ndi mapazi

Sorafenib, amene amaperekedwa pa khansa ya chiwindi ndi ya impso, pamodzi ndi regorafenib ndi sunitinib, ali ndi vuto lina. Pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chimodzi, malo amene amapanikizika amayamba kutentha: chidendene, pansi pa zala za kuphazi, nsonga za zala za kudzanja. Pamatuluka matuza, kenako chikopa chimakhuthala n'kumapweteka, monga zimachitira zikhatho pa masiku oyamba a kugalauza, kungoti izi zimabwera khasu musanaligwire.

Kirimu wokhala ndi urea wa 10%, wodzola katatu patsiku kuyambira tsiku loyamba, amachepetsa vutoli. Mwala uja timakhulira mapazi usakhudzenso phazi lanu. Musayende opanda nsapato pa dothi lotentha, ndipo nsapato zikhale zofewa mkati, ndi sokosi za thonje. Ntchito zofinya manja, monga kusinja, kulima, kuwaza nkhuni ndi kufinya zovala, ena akugwirireni m'miyezi iwiri yoyamba. Ndimapempha kuti wodwala abwere ndi wachibale kuti amve yekha kuchokera kwa ife, chifukwa mayi akanena yekha kunyumba kuti sangasinje, ena amati ndi ulesi. Zikafika poti kuponda pansi kukukanika, adokotala amaimitsa mankhwala masiku ochepa kapena kuchepetsa mlingo, ndipo mapazi amachira.

Sunitinib amatha kusandutsa khungu kukhala lachikasu chifukwa mankhwalawo ndi achikasu, ndipo tsitsi limamera loyera pa masabata 4 akumwa, lakuda pa masabata 2 opuma. Zimenezi sizoopsa. Koma yang'anani koyera kwa diso pagalasi. Ngati nako kwasanduka chikasu, mkodzo n'kuda, limenelo ndi vuto la chiwindi, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Imatinib, amene anavomerezedwa mu 2001 ndipo amamwedwa zaka zambiri ndi odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CML, amatupitsa zikope mmamawa ndi kutulutsa misozi. Gonani mutu uli pamwamba, chepetsani mchere, ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira pa zikope. Kutupa kukatsikira m'miyendo, thupi n'kulemera mwadzidzidzi kapena mpweya kuchepa, musachedwe kubwera. Imatinib amayeretsanso khungu, chifukwa amatseka puloteni ina imene maselo opanga mtundu wa khungu amadalira. Pa ife akuda zimaoneka kwambiri, ndipo odwala anga ena anenedwapo kuti ayamba kudzola zoyeretsa. Khungu loyererako limapsa msanga ndi dzuwa, ndiye chipewa chija chikufunikanso apa.

Maso

Chofala kwambiri ndi kuuma. Maso amamveka ngati mwalowa mchenga, amaluma, ndipo nthawi zina amangotuluka misozi, zimene zimasokoneza anthu chifukwa sakhulupirira kuti diso lolira lingakhale louma. M'mphepete mwa zikope mumatupa ndi kuchita manthongo ouma. Mankhwala ake ndi madontho ofewetsa maso, amene ku famase amati artificial tears, kanayi patsiku. Ngati mukufunika kudontheza kuposa apo, pemphani opanda preservative, mankhwala amene amathiramo kuti madontho asaonongeke. Mmamawa ndi madzulo ikani kansalu koyera kofunda pa zikope zotseka kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako pukutani m'mphepete mwa chikope modekha. Utsi wa kukhitchini ndi fumbi zimaonjezera vutoli. Phikirani panja ngati n'kotheka, ndipo pokwera kabaza kapena galimoto yapamtunda valani magalasi. Amene mumavala magalasi omata m'diso, bwererani ku magalasi wamba nthawi yonse ya mankhwala.

Pakapita miyezi, mankhwala otseka EGFR amatalikitsa nsidze za m'mphepete mwa chikope. Zimakula, zimalimba, zimapiringizika, ndipo poyamba ena amazikonda. Zikayamba kukhudza magalasi kapena kulowa m'diso, wina wa dzanja lodekha azidule ndi kasizasi koyera inu mutatsinzina. Koma ngati zapindikira mkati n'kumakanda diso, musazizule nokha, pitani ku chipatala cha maso. Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira agogo amene anachita khungu ndi trachoma, nthenda imene bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi waigonjetsa. Chimene chinkawapha maso chinali chomwechi, nsidze zokanda diso pa kuphethira kulikonse. Pa mankhwala amenewa ngozi yake ndi yaikulu chifukwa EGFR ndi imene imathandiza kachikopa ka kutsogolo kwa diso kupola, ndipo ikatsekedwa kachilonda kakang'ono kamachedwa kutseka.

Zizindikiro za chilonda cha m'diso muzidziwe pamtima: ululu weniweni osati kuluma chabe, kulephera kuyang'ana kuwala, kuona mwachimbuuzi, kapena kadontho koyera pa gawo lakuda la diso. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti munyamuke tsiku lomwelo. Chilonda chotere chikhoza kuboola diso m'masiku ochepa.

Pamene mukukonzekera ulendowo musathire chilichonse m'diso kupatula madontho ofewetsa aja. Madontho okhala ndi dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone amachotsa kufiira msanga, n'chifukwa chake amayenda malonda, koma pa diso la chilonda amakulitsa chilondacho. Amafunika dokotala wa maso ataona kaye ndi makina ake. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere ndi madzi a shuga nazo ayi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 wa m'zipatala za kumidzi kuno ku Malawi anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amene anafika ndi matenda a kachikopa ka diso anali atathira kale mankhwala achikuda. Ndikudziwa kuti amene amathira amachita chifukwa cha chikondi ndiponso chifukwa chipatala chili kutali. Koma diso limene mankhwala a khansa alifooketsa kale silingapirire zimenezo.

Pali mavuto ena a mkati mwa diso amene sapweteka ndiponso safiiritsa. Trametinib, cobimetinib ndi binimetinib, operekedwa pa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, komanso erdafitinib wa khansa ya chikhodzodzo, amatha kusonkhanitsa madzi kuseri kwa diso. Munthu amangoona kuti pakati pa chinthu pachita mdima, kapena mizere yowongoka yakhota. Popeza diso linalo limabisa vutoli, muzidziyesa mmamawa uliwonse. Imani pamalo amodzi, tsekani diso limodzi ndi chikhatho, yang'anani felemu la chitseko kapena mizere ya pa kalendala, kenako sinthani diso. Mzere ukakhota, kapena mbali ina ikasowa, uzani adokotala tsiku lomwelo musanamwe piritsi lotsatira. Vemurafenib ndi dabrafenib, amenenso ndi a melanoma, amatha kutupitsa mkati mwa diso, ndipo pakhungu amameretsa tinjerewere tatsopano timene tifunika kuonetsa msanga chifukwa tina timakhala khansa ya pakhungu. Vemurafenib amachititsanso kuti munthu apse ndi dzuwa m'mphindi zochepa, ngakhale lodutsa pa galasi la windo. Crizotinib, wa khansa ya m'mapapo, amaonetsa timizere ta kuwala munthu akachoka mumdima kulowa powala. Sizivulaza diso kawirikawiri, koma samalani poyendetsa galimoto usiku. Amayi amene apita kunja kukalandira tisotumab vedotin, wa khansa ya khomo la chiberekero, adzapatsidwa madontho angapo ndi zoziziritsa maso pa nthawi ya diripi. Musadumphe dontho ngakhale limodzi.

Thandizo la maso lilipo ku Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma, ndipo m'zipatala za maboma mumakhala ogwira ntchito za maso. Mukafika, mawu oyamba akhale akuti muli pa mankhwala a khansa, n'kuonetsa dzina lija munalemba. Popanda kutero angakuoneni ngati wodwala maso ofiira wamba.

Piritsi musalisiye nokha

Pali nthawi inanso imene ndimauza munthu kuti asamwenso mpaka taonana. Thupi likatentha, milomo ndi m'kamwa n'kuchita zilonda, maso n'kufiira ndi kumatana, kumaliseche kukupweteka, khungu n'kuchita matuza aakulu kapena kusupuka, imeneyo ikhoza kukhala nthenda yoopsa yobwera chifukwa cha mankhwala yotchedwa Stevens-Johnson. Amene tinagwira ntchito nthawi ya ARV uja wotchedwa nevirapine tinaiona, ndipo Bactrim nayenso amaiyambitsa. Sichitika kawirikawiri koma imapha. Chimodzimodzi nkhope ikatupa thupi likutentha, zidzolo zili thupi lonse. Pitani kuchipatala chapafupi, usiku kapena masana, mutanyamula mankhwala onse amene mukumwa.

Kupatula pamenepo ndi pa vuto la kaonedwe lija, kusiya, kudumphitsa masiku kapena kuthyola piritsi pakati n'kupereka mpata kwa khansa. Adokotala ali ndi njira zotsitsira mlingo mwadongosolo. Erlotinib amachoka pa 150 mg kufika pa 100 mg, afatinib pa 40 mg kufika pa 30 mg, ndipo anthu ambiri amapitiriza bwino khungu litapepukidwa.

Nthawi zina zidzolo zimakula chifukwa mankhwala achuluka m'magazi. Erlotinib amamwedwa m'mimba mopanda kanthu, ola limodzi musanadye kapena maola awiri mutadya. Mukamwera pa nsima, ochuluka amalowa m'thupi ndipo khungu limavutika. Ma ARV okhala ndi ritonavir amakweza mlingo wa mankhwala ambiri a gulu limeneli, pamene rifampicin wa TB amautsitsa mpaka kufooka. Ma ARV kapena mankhwala a TB musasiye, koma a ku khansa adziwe zimene mukulandira kwina, ndipo a kwinako adziwenso za ku khansa.

Popeza masiku okaonana ndi adokotala amatalikirana, jambulani khungu lanu kamodzi pa sabata, panja pamthunzi, pamalo omwewo: nkhope, chifuwa, zikhatho ndi pansi pa mapazi, ndipo wina akujambuleni kumsana. Kumapeto kwa buku lanu lembani tsiku limene vuto linayamba, ngati likukulepheretsani kugona, kuyenda kapena kugwira ntchito, ndi chilichonse chimene mwadzola kapena kudontheza, ngakhale cha pamsika kapena cha kwa asing'anga. Sitifunsa kuti tikukalipireni. Pa tsiku lanu, ikani machubu ndi timabotolo tonseto m'jumbo limodzi ndi bokosi la mapiritsi, mubwere nazo.